Agogo aakazi a m'nyanja ya mchere

Anganga sagwira foni. Amati ndi kachinthu koseketsa munthu ali yekha ngati wazungulira mutu. Koma tsiku lina mu Januwale 2025, mvula itatipanikiza pakhonde kwathu kufupi ndi nyanja ya Malombe, analanda foni ya mwana wa mchemwali wanga n'kuigwira ndi manja onse awiri ngati mbale ya msuzi wotentha. Sanabweze mpaka batire litatha.

Pafonipo panali kakanema kochokera pa Facebook. Chinyama chachikulu, chakuda bii kumsana, choyera mbee kumimba, chinkavuuka m'madzi chikukankha kanthu ndi mphumi. Kanthuko kakaterereka n'kuyamba kumira, icho chinkamira nako n'kukakavuulanso.

"Akukankha chiyani ameneyu?"

"Ndi mwana wake, anganga. Wamwalira."

"Liti?"

"Akuti yatha sabata."

"Nanga abale ake ali kuti?"

"Ndi awo akusambira cham'mbalimo."

Anganga anapukusa mutu. "Ndiye ali pamaliro. Koma iyi si nsomba iyi. Nsomba ndayamba kuzitumbula ndili kamtsikana, sizilira maliro."

Ananena zoona, ngakhale kusukulu sanapondeko. Chinyamacho dzina lake ndi orca. Chimapuma mpweya ngati ife kudzera pabowo lapamutu, chimabereka mwana wamoyo n'kumuyamwitsa. Azungu anachipatsa dzina lotanthauza namgumi wakupha, koma asayansi amachiwerengera m'banja la nyama zoyamwitsa za m'nyanja zotchedwa ma dolphin, ndipo ndicho chachikulu pa onse m'banjamo. Wamphongo amafika mamita 8 ndi matani 6, chipsepse chake chapamsana chokha chimatalika mpaka mamita 1.8, msinkhu wa mwamuna wamtali ataimirira. Mwana amabadwa atakhala m'mimba miyezi pafupifupi 17, ndipo tsiku lobadwalo amakhala kale wautali kuposa chitseko cha nyumba. Orca amapezeka m'nyanja zikuluzikulu zonse za mchere za dziko lapansi, koma m'nyanja yathu ino mulibe ndipo sanakhalemo. Chodabwitsa n'chakuti ife a ku Mangochi, amene tili kutali ndi madzi a mchere, namgumi timamudziwa kuyambira kale. Pa zithunzi zimene akuluakulu a Chiyao ankaumba pansi pa mwambo wa chinamwali panali Namungumi. Ine ndimaganiza kuti anabwera naye makolo athu amene ankayenda wapansi ndi minyanga mpaka ku Kilwa. Ndilekere pomwepo, za kundagala sizikambidwa pa intaneti.

Chichokereni tsiku lija ndakhala ndikuwononga bandulo powerenga za nyamazi, ndipo anzanga kuntchito kuno ku boma anayamba kunditcha bambo a namgumi. Chimene chinandikola si mano ake kapena kukula kwake. Ndi banja lake.

Mayi wa m'kanemayo amadziwika. Ofufuza amamutcha J35, ena amati Tahlequah, ndipo anabadwa mu 1998. Amakhala m'nyanja ya Salish, kumalire a America ndi Canada, chakufupi ndi mizinda ya Seattle ndi Vancouver. Aka kanali kachiwiri kunyamula maliro. Mu Julayi 2018 anabereka mwana wamkazi amene anangopuma mphindi zowerengeka, ndipo anayenda ndi mtembowo masiku 17, mtunda wa makilomita pafupifupi 1,600. Kuti mumvetse, nyanja ya Malawi kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 580. Ndiye tinene kuti anachoka kuno kukafika kumapeto kwa nyanja kumpoto, n'kubwerera, n'kutsala pang'ono kukafikanso kachiwiri, mwana ali pamphumi. Mu 2020 anabereka wamwamuna amene anakula bwino. Wa mu Disembala 2024 ndi amene anganga anamuona.

Munthu angafunse kuti, nanga amadziwa bwanji kuti ndi yemwe uja, poti m'nyanja mulibe chitupa? Nzeruyi anayambitsa ndi wasayansi wa ku Canada, Michael Bigg, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Anazindikira kuti chipsepse chapamsana cha orca aliyense chili ndi kaimidwe kake ndi zipsera zake, ndiponso kuti banga lotuwa la kuseri kwa chipsepsecho silifanana ndi la wina. Anayamba kuwajambula mmodzimmodzi. Mu 1976 wofufuza wina, Ken Balcomb, ndi anzake anayambitsa kalembera wa chaka ndi chaka, amene akuchitikabe, wa gulu la J35 lija, limene limatchedwa Southern Residents ndipo lili ndi mabanja akuluakulu atatu, J, K ndi L. Kaundula wawo amaposa wa mfumu ya kwathu. Amadziwa wobadwa, womwalira, mwana wa yani, mdzukulu wa yani. Onse pamodzi alipo 70 ndi mphambu zochepa, anthu osadzaza ngakhale basi ziwiri.

Kaundula ameneyu ndiye anaulula nkhani imene inaseketsa pakhonde pathu. Mwa ma orca odya nsomba a m'dera limenelo, mwana sachoka kwa amayi ake mpaka imfa. Wamkazi sachoka, wamwamuna sachokanso. Banja limakhala la gogo wamkazi, ana ake onse, ndi ana a ana ake aakazi. Imeneyi ndi mbumba yeniyeni, yoposanso yathu. Kuno mwamuna amapitako ku chikamwini, kukamanga nyumba kwa mkazi, kukalima munda wa apongozi, n'kumakhala mwamantha ngati mlendo. Orca wamphongo alibe nazo ntchito zimenezo. Mabanja akakumana, amakakwatira kwa mkazi wa banja lina, pakutha pa tsiku n'kubwerera kukasambira pambali pa amayi ake. Ana amene wabereka amakulira kuchikazi. Ana amene iye amayenda nawo n'kumasewera nawo ndi a alongo ake. Moyo wake wonse ndi malume basi.

Nditafotokoza zimenezi, anganga sanayankhule. Anangoloza ndi mlomo kumene anakhala amalume, akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango. Amalume ali ndi zaka zoposa 50. Anakakhalako ku chikamwini kawiri, cha ku Chimwala ndi cha ku Makanjira, konse anabwerako ndi thumba la zovala ndi wailesi. Tsopano amagona m'kanyumba ka kuseri ndipo amadya m'mbale ya amayi awo.

"Ndiye awa," anatero anganga.

"Inu amayi, mukundiyerekeza ndi chinsomba?"

"Chinsomba chili ndi nzeru, sichivutika n'kukamanga nyumba kwa eni."

Tinaseka, koma manambala a nkhaniyi saseketsa. Mu 2012 ofufuza a ku yunivesite ya Exeter ku England, atasanthula kaundula uja, anapeza kuti orca wamphongo wa zaka zoposa 30 amayi ake okalamba osiya kubereka akamwalira, ngozi yoti nayenso afa m'chaka chotsatira imakwera pafupifupi ka 14. Chimphona cha matani 6, chimene palibe nyama ingachiopseze m'nyanja monse, chimatsatira amayi ake kumanda. Chifukwa chimodzi ndi chakudya. Mayi akagwira nsomba yaikulu amailuma pakati, theka n'kudya, theka n'kusiyira mwana wake wamwamuna, ngakhale mwanayo akumuposa kukula. Ana aakazi amagawiridwa ali aang'ono, koma akangofika pobereka okha mayi amachepetsa. Kafukufuku wina wa mu 2023 anaonetsa kuti mayi amalipira mtengo pa chikondi chimenechi: akakhala ndi mwana wamwamuna wamoyo, mwayi wake wolera mwana wina umatsika ndi theka kapena kuposa, ndipo sizisintha ngakhale mnyamatayo atakula. Achemwali anga atamva izi anawomba m'manja, amvekere: "Mwaona? Ngakhale m'madzi ndi chimodzimodzi. Ife timatunga madzi, mutu wa nsomba n'kupita kwa achimwene."

Asayansi ali ndi yankho lawo. Amati mwana wamwamuna akakula n'kukhala wamphamvu amabereka ana ambiri m'mabanja ena, zidzukulu zimene adzadyetse ndi anthu ena, pamene ana a mwana wamkazi amadzadyera m'mbale yomweyo. Mwina n'zoona. Koma sindinayerekeze kuwauza achemwali kuti kukondera kuli ndi masamu ake.

Tsopano ndifike pa gogo mwini wake, chifukwa ndi pamene pagona nkhani yanga. Orca wamkazi amasiya kubereka akafika zaka za m'ma 40, koma amatha kukhalabe ndi moyo zaka makumi angapo pambuyo pake, ena mpaka 80. Ife timaona ngati n'zachizolowezi poti amayi athu amatero, koma mwa nyama n'zosowa kwambiri. Mbuzi imabereka mpaka itatheratu. Njovu za ku Liwonde, ngakhale nazo zimatsogoleredwa ndi mayi wamkulu, zimaberekabe mpaka kuukalamba. Kusiya kubereka thupi likadali ndi mphamvu kumadziwika bwino mwa anthu ndi mwa mitundu yowerengeka ya anamgumi a mano. Funso limene linazunguza ofufuza ndi lakuti, nanga chilengedwe chimamusungiranji mayi amene sakuberekanso?

Anaonera makanema a maola mazanamazana, kuwerenga kuti amasambira patsogolo ndani banja likamapita kosaka. Zotsatira zinatuluka mu 2015. Amatsogolera kawirikawiri ndi amayi okalamba osiya kubereka aja, ndipo utsogoleri wawo umaonekera kwambiri m'zaka zimene nsomba zasowa. Chaka cha mwanaalirenji aliyense akhoza kupita patsogolo. Chaka cha njala onse amafola kumbuyo kwa gogo. Mu 2019 kunatulukanso umboni wakuti mwana amene agogo ake amwalira kumene amakhala pangozi yaikulu ya imfa kuposa amene ali nawo, makamakanso nsomba zikachepa. Gogo wotchuka wa banja la J, amene ankamutcha J2 kapena Granny, anasowa kumapeto kwa 2016. Ena ankati anali ndi zaka 105, ena atayeza mwa njira ina anati zinali pakati pa 65 ndi 80. Mkangano wa zaka za agogo ngwodziwika, ngakhale anganga pachitupa analembedwa chaka chongopeka.

Nditawerenga za 2015 zija ndinaika foni pansi, chifukwa ndinakumbuka njala ya 2002. Ndinali mnyamata wa ku pulayimale. Chimanga chinatha m'nkhokwe Khirisimasi isanafike, ku msika mtengo unali wosayandikika, ndipo anthu ankaima pamzere wa madeya. Abambo anga, amene ankadziwa kuwerenga ndi kulemba ndiponso ankamvera nkhani pa wailesi tsiku lililonse, anasowa chochita. Amene anadzuka m'bandakucha, n'kumanga chitenje m'chiuno, n'kuuza amayi ndi azakhali kuti tengani madengu, anali anganga. Anawatsogolera kudambo lina limene ife tinkangolidziwa ngati malo a udzudzu, n'kuwalowetsa m'madzi ofika m'chiuno kukazula nyika, timizu ta maluwa a m'madzi. Anawaonetsa zoyenera kutola ndi zoyenera kusiya, kaphikidwe kake, ndi kaviikidwe ka chinangwa chowawa kuti chisaphe ana. Nyika sizikoma, ndisaname. Zimamveka dothi m'kamwa. Koma pakhomo pathu sipanatuluke maliro chaka chimenecho.

Ndinawafunsa posachedwapa kuti anazidziwa bwanji. Anati anaonera amayi awo pa njala ya 1949, iwo ali kamwana kongogwira nsonga ya nsalu. Werengani nokha: zaka 53 nzeru imeneyo inangokhala m'mutu mwa munthu mmodzi, osagwira ntchito, osafunsidwa ndi aliyense. Akanamwalira mu 2000 tikanati wapita nkhalamba yosalimanso, ndipo sitikanadziwa chimene takwirira. Paja amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Kwathu dambolo linali lenileni, la matope ndi misundu.

Gogo wa orca amasunganso chinenero. John Ford, wofufuza wina wa ku Canada, anatchera makutu pansi pa madzi kwa zaka zambiri n'kupeza kuti banja lililonse lili ndi kaitanidwe kake, ndipo mwana amaphunzira kwa amayi ake ndi abale ake. Mabanja apachibale amafanana mawu ena, akutali samvana n'komwe. Katswiri akamva kulira kokha amatha kunena kuti awa ndi a J, awa ndi a L, monga mmene mu minibasi yochokera ku Limbe umadziwira wa ku Namwera ndi wa ku Ntcheu asanatchule kwawo. Kuwonjezera pa kuitanako, amatulutsa timaphokoso ta tha! tha! tha! timene timakagunda chinthu n'kubwerera, ndipo mwa njira imeneyi amaona nsomba mumdima, mpaka kusiyanitsa mtundu umene amaufuna ndi ina yofanana nayo.

Kasakidwe nakonso n'kophunzira, ndipo dera lililonse lili ndi kake. Amalume anasangalala ndi a ku Norway. Kumeneko ma orca amazungulira gulu la nsomba za herring, zangati usipa waukuluukulu, n'kumaziopseza ndi mimba zawo zoyera ndi thovu mpaka ziunjikane ngati mpira pafupi ndi pamwamba pa madzi. Kenaka amamenya mpirawo ndi mchira, nsomba n'kukomoka, iwo n'kumatola imodziimodzi. "Amenewo ndi alovi anzathu," anatero amalume. "Chilimira chimenecho. Angosowa siginala ndi nyali." Ku Argentina, pagombe la Punta Norte, alipo ochepa amene amadziponya dala pamchenga kukagwira ana a nyama zangati akatumbu, n'kudzigwedeza mpaka funde liwabweze m'madzi, ndipo akuluakulu amaonedwa akuyeserera ndi ana. Ku Antarctica amafola mzere, n'kusambira limodzi kuti apange funde logwetsa nyama imene yathawira pachibenthu cha madzi oundana. Ku South Africa, kumene anyamata ambiri a kuno amapita kukasaka maganyu, amphongo awiri otchedwa Port ndi Starboard anatchuka mu 2017 pamene mitembo ya shaki zazikulu zoyera inayamba kukokoloka pagombe la Gansbaai itachotsedwa chiwindi chokha. Ali ndi mafashoni omwe. Mu 1987 wamkazi wina wa ku Puget Sound, mbali ya nyanja ya Salish ija, anayamba kuyenda atasenza nsomba yakufa pamutu, anzake n'kutengera, kenaka zinangotha ngati sitayilo ya tsitsi. Kuyambira mu 2020 kagulu ka kufupi ndi Spain ndi Portugal kakhala kakuthyola ziwongolero za maboti a matanga, ena mpaka kumira. Komabe m'mbiri yolembedwa mulibe munthu amene anaphedwa ndi orca wa m'nyanja. Ng'ona ndi mvuu za mu Shire sizinganene zimenezo.

Mpaka apa nkhaniyi ndi yokoma, ya mtundu umene anthu amakonda kutumizirana pa WhatsApp ndi mawu akuti lemekezani makolo. Koma ili ndi mbali ina imene inandisowetsa tulo.

M'madzi omwewo a Salish muli mtundu winanso wa orca, umene anautcha dzina la Bigg uja. Munthu wamba sangawasiyanitse ndi a banja la J35. Koma awa sadya nsomba, amadya nyama zoyamwitsa: akatumbu a m'nyanja aja ndi anamgumi ang'onoang'ono. Amayenda m'timagulu tochepa ndipo posaka amakhala chete kuti nyama isawamve. Mitundu iwiriyi imadutsana panjira, koma sicheza, sikwatirana, ndipo zakhala choncho kwa zaka masauzande ambirimbiri. Wina sakhudza chakudya cha mnzake. Mu 1970 atatu a mtundu wodya nyama anatsekeredwa ku Pedder Bay ku Canada, ndipo owagwirawo ankawaponyera nsomba. Anakana kwa masiku oposa 70. Mmodzi anafa ndi njala nsomba zili pakamwa pake, otsalawo ndiye anayamba kudya. Kuno timadziwa kuti chakudya si nkhani ya m'mimba mokha. Mnzanga wa Sabata sangalawe kampango ngakhale atamukazinga bwanji, ndipo anansi athu Asilamu nyama ya nkhumba saiyandikira. Sindinkadziwa kuti nyama nayo ikhoza kukhala ndi zosala zochita kuphunzitsidwa ndi amayi.

A banja la J35 ndiwo yawo ndi salmon, makamaka mtundu waukulu wonona wotchedwa Chinook. Nsomba imeneyi imabadwira kumtunda kwa mitsinje, imakakulira m'nyanja, n'kubwerera kumtsinje womwewo kukaswa, monga mmene mpasa amachitira mu Bua. Agogo amadziwa mtsinje uti, mwezi uti. Koma mitsinje ngati Columbia ndi Snake anaitseka ndi madamu a magetsi, malo oswera anawonongeka, nsomba zinagwidwa mopitirira, ndipo zotsalazo zinachepa ndi msinkhu womwe. Phokoso la sitima zapamadzi limasokoneza timaphokoso tawo tosakira. Mankhwala akupha a m'mafakitale amaunjikana m'mafuta awo, ndipo mayi amapatsira mwana kudzera mumkaka, woyamba kubadwa ndiye amalandira ambiri. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza kuti pa mimba zitatu zilizonse m'gululi, pafupifupi ziwiri zimapita padera. Boma la America linawaika pamndandanda wa nyama zotsala pang'ono kutha mu 2005. Pamene iwo akuwonda, akatumbu adzaza m'madzi omwewo, ndipo a mtundu wa Bigg akuchulukana. Chakudya chikudutsa pamphuno pawo, koma m'maso mwawo si chakudya.

Apa ndi pamene ndinaona kuti nzeru ya gogo ili ndi malire owawa. Gogo uja salakwitsa. Amatsogolera banja kumalo oyenera, pa mwezi woyenera, monga anaphunzirira kwa amayi ake. Chimene chasintha ndi nyanja, ndipo yasintha m'moyo wa gogo mmodzi yekha. Nyika za anganga zinatipulumutsa chifukwa dambo linali lidakalipo. Lero mbali yaikulu ya dambo lija ndi minda ya mpunga ndi maenje a njerwa.

Amalume nkhani imeneyi anaimva msanga kuposa ine. Iwo anakulira pa Malombe wa m'zaka za m'ma 1980, pamene chambo chinkatuluka matani masauzande pachaka ndipo ogula ankachokera ku Blantyre ndi magalimoto. Pofika m'ma 1990 chinali chitatha. Makoka a maso ang'onoang'ono ndi nkacha zinakokolola udzu wa pansi pa nyanja, zinagumula zisa, zinagwira ndi amayi omwe ali ndi ana m'kamwa, poti chambo chimalerera m'kamwa. Mpaka lero amalume akhoza kukutengani pabwato n'kukuimitsani pamalo enieni pamene panali zisa, akuyang'ana phiri ili ndi mtengo uwo. Salakwitsa ndi mita imodzi yomwe. Pansi pakepo pali matope.

Kusiyana kwake n'kwakuti ife tinasintha ndiwo. Chambo chitasowa tinapita ku kambuzi, kambuzi atachepa tinagula usipa ndi bonya wochokera ku nyanja yaikulu, ndipo masiku ena timadya soya wa m'mapaketi m'mudzi wa asodzi. Kale ndinkaona ngati umenewu ndi umphawi chabe. Tsopano ndimaona kuti ndi luso limene orca wa banja la J alibe, ngakhale sindinganene kuti ndimalinyadira, chifukwa luso lomwelo ndi limene limatilola kumaliza mtundu umodzi wa nsomba n'kusamukira pa wina osagwetsa msozi. Anganga okha ndi amene sanasinthe kwenikweni. Kambuzi amadya, koma mlendo akabwera amapepesa kuti pakhomo pano palibe ndiwo, mbale ili yodzaza.

Pali chinthu china chimene chinachepetsa banja lija, ndipo ichi anachita anthu ndi manja awo. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ankagwira ana a orca kukawagulitsa kumalo achionetsero. Mu Ogasiti 1970, ku Penn Cove m'nyanja ya Salish momwemo, anazinga oposa 80 ndi maboti, ndege ndi mabomba ang'onoang'ono, n'kusankhamo ana. Mmodzi wa anawo, Tokitae, amene pachionetsero ankamutcha Lolita, anakhala m'thanki ku Miami zaka 53. Ankaitanabe m'chinenero cha banja la L, m'madzi mmene munalibe womuyankha. Anafa mu Ogasiti 2023 mapulani omubwezera kwawo ali mkati, ndipo gogo amene ambiri amakhulupirira kuti ndi mayi ake, L25, anali akusambirabe kwawoko. Kuno mudzi uliwonse uli ndi mtchona wake, amene anapita ku Joni kapena ku Halale n'kusiya amayi akuyang'ana kumsewu. Koma mtchona amanyamuka yekha. Nkhani iyi sindinawauze anganga, poti mwana wawo wachiwiri anapita mu 1994 ndipo kalata yomaliza inabwera ine ndisanayambe sukulu.

Ndinabwereranso kumudzi mu Malichi, chimanga chitayamba kukhwima. Ndinapita ndi chambo chimodzi chimene ndinagula pafupi ndi mlatho wa Bakili Muluzi, pamtengo umene sindingaulembe pano kuopa achemwali angawerenge. Ndinkaganiza kuti anganga anaiwala za kanema uja. Ali mkati mopala mamba anafunsa osandiyang'ana.

"Mayi uja anataya?"

"Anataya, anganga. Anayenda naye masiku osachepera 11, kenaka anamuona akusambira wopanda kanthu."

"Akudya?"

"Akuti akuoneka bwino."

Anatembenuza nsomba, n'kuyamba mbali inayo.

"Amayi ake alipo?"

Ndinali nditawerenga kale, ndiye sindinachedwe. Amayi ake a J35, amene ankatchedwa J17, anayamba kuwonda mpaka mutu kuoneka mafupa, ndipo mu 2019 analengezedwa kuti amwalira ali ndi zaka 42. Maliro oyamba aja anali nawo pambali. Achiwiriwa analira alibe mayi.

"Zaka 42," anatero anganga. "Mwana ameneyo. Sanafike n'pa ugogo pomwe." Anatsuka mpeni m'beseni. "Ndiye chaka cha njala adzatsata ndani?"

Sindinayankhe, ndipo iwo sankadikira yankho. Nsima itapsa anatenga chambo chija n'kuchinyema pakati ndi zala. Chakumchira anatigawira ife tonse, ine, achemwali ndi ana atatu. Chakumutu anachiika m'mbale yapayokha, n'kuvindikira ndi ina, n'kutuma kamdzukulu kuti kakaitane amalume kuseri.